A Mphepo ndi Injini Yawo ya Paphewa

Kwathu kuno, cha ku Santhe, anthu amayenda ndi khasu paphewa, ena nkhwangwa, ena wayilesi. A Aloysius Mphepo okha ankayenda ndi injini ya boti. Ankapita nayo kumsika, kuchigayo, kumaliro, ngakhale ku Misa, ndipo wokumana nawo aliyense ankalandira funso moni asanathe: "Inu oyendayenda, mukuona kuti chavuta apa n'chiyani?" Anafunsa aphunzitsi, anafunsa ogula fodya, anafunsapo ndi mzamba yemwe. Ine Fainala ndinali woyandikana nawo nyumba, ndiye funsoli linkandipeza m'mawa uliwonse ndisanasambe n'kumaso komwe.

Injiniyo sinali ya petulo ngati zimene mumamva za kunyanja. Inali yoyendera batire. Inali ndodo yachitsulo yotalika kuposa mpini wa khasu, kumwamba kuli chogwirira chopotokola, kumunsi kuli chibulumwa chakuda chokhala ndi kafani ka mapiko awiri. Mawaya ake ankalendewera kumsana kwa a Mphepo ngati mchira. Agalu a m'mudzi muno anawauwa mpaka anatopa, ndipo alendo ankapatuka poganiza kuti ndi mfuti.

Ndiyambe ndafotokoza chimene ankavutikira, mungayese anali amisala. A Mphepo anabwera kuno ali anyamata kuchokera ku Phalombe, kufupi ndi nyanja ya Chilwa, iwo ndi akazi awo a Enelesi, kudzakhala matenanti pa esiteti ya fodya. Mwana sanapatsidwe. A Enelesi atamwalira anaikidwa pa kachitunda ka m'mbali mwa dambo, pamene esiteti inapatula kuti pakhale manda a obwera, popeza tenanti alibe malo kumanda a eni mudzi. Kenako mwini esiteti anakweza khoma la damu, madzi n'kuzungulira kachitunda konse, manda n'kusanduka chilumba. Matenanti ena anabwerera kwawo, n'kusiya akufa awo pakati pa madzi. A Mphepo anakana. Ankati, "Tinabwera awiri pa lole imodzi. Kumudzi ndikanena kuti mnzanga ndamusiya ndi yani?"

Anakhala mlonda wa damulo. Mwini esiteti anali ndi kaboti kachitsulo kowedzera nsomba masiku opuma, ndipo atagulitsa malo anakasiya pansi pa mkuyu pamodzi ndi injini yake. A Mphepo, munthu wa kunyanja, injiniyo ankaiyang'ana ngati chidole cha anthu aulesi. Ankapalasa ndi nkhafi kukalambula manda, mpaka tsiku limene sitiroko inawapha dzanja lamanzere. Kuyambira pamenepo chidole chija chinasanduka manja awo. Chinawatumikira ndithu kwa kanthawi, kenako chinangoti zii.

Vuto linali lakuti madzi ankadya chilumbacho. Dzinja lililonse gombe linkagumuka pang'ono, ndipo manda a a Enelesi anali mbali imene mafunde amamenya. Mtanda wawo wachitsulo, wopakidwa penti yoyera, unkaoneka bwino kuchokera tsidya lino, ndipo chaka ndi chaka unkasendera kumadzi usakuyenda. A Mphepo anatutira miyala pagombe la tsidya lino ndi dzanja limodzi, anabzala ndi udzu wa vetiva woti akatchingire gombe la chilumbacho. Zonse zinali zokonzeka. Chotsala chinali choti kafani kazungulire.

Woyamba kuvutika ndinali ine, chifukwa ndinali ndi batire la sola lotchajira mafoni a anthu.

"Make Goodness, mwadzuka bwanji? Nanga batire lija lagona bwanji?"

"Lagona bwino, bambo, ndipo silikupita kulikonse."

"Ndingoilawitsako pang'ono injiniyi."

"Dzulo munailawitsa, mafoni a anthu anagona ndi njala. Eni ake anatukwana ine, osati inu."

"Dzulo sinali bwino m'thupi. Lero yadzuka ikuoneka yowala."

Ndinkakalipa mpaka mawu kusasa, kenako n'kunyamula batirelo ndekha pamutu kupita nalo kwawo, poti munthu wa dzanja limodzi akanaligwetsa. Iwo anali ndi mgolo wa madzi pakhonde woyeseramo. Poyamba anati batire langa ndi lofooka. Pofuna kunditsimikizira, anagundanitsa mawaya awiri, moto n'kuthetheka mpaka udzu wa denga unayamba kufuka. Anavomera kuti batire lili ndi moyo, koma sanapepese. Kenako anaona ufa woyera umene unamera pa zomangira mawaya, n'kuukwecha ndi mandimu ndi phulusa mpaka chitsulo chinawala. Atalumikiza, kafani kanagwedezeka kamodzi kokha ngati khutu la ng'ombe.

"Mwaona, make Goodness? Yaphethira."

"Ine sindinaone kanthu."

"Inu mulibe chikhulupiriro. N'chifukwa chake batire lanu limatha msanga."

Kuphethira kumeneko anakulalikira mudzi wonse kwa mwezi wathunthu.

Pa Santhe pali Sankhani, wokonza njinga, mawayilesi, maambulera ndi china chilichonse chimene mwini wake wataya nacho mtima. A Mphepo anamukhalira pakhomo la shedi yake masiku a msika mpaka anagonja. Sankhaniyo anapeza kuti fyuzi inapsa ndipo waya wina anaduka mkati mwa chikopa chake. Pa fyuzi anakulungapo kapepala konyezimira ka m'paketi ya ndudu, ndipo mawaya onse awiri anawasintha. Akale aja anali wina wofiira, wina wakuda. Sankhani anali ndi akuda okhaokha, ndipo sanaone kuti pali vuto, poti magetsi sayang'ana mtundu. Atayesa, kafani kanazungulira. A Mphepo anabwerera akuimba nyimbo ya Pasaka mwezi wa Okutobala.

Tsiku la ulendo theka la mudzi linafika pagombe. Amuna anga a Moffat anathandiza kukweza miyala ndi vetiva, n'kukankhira boti m'madzi, iwo ataima kumbuyo kwake. A Mphepo anakhala pampando atavala jekete ya ukwati wawo, batire langa lili pakati pa miyendo. Anachita chizindikiro cha mtanda, n'kupotokola chogwirira. Boti linanyamuka bwinobwino, koma chammbuyo. Linagunda a Moffat m'mawondo, iwo n'kukhala pansi m'matope, ndipo linapitirira kukalowa m'bango. Mawaya anali atasemphana.

"Zimitsani, bambo, tisinthanitse mawayawo," anatero Sankhani.

"Usayandikire. Yadzuka movutikira iyi. Ukaigwira igonanso."

"Koma ikupita kolakwika."

"Ikupita kumene yayang'ana. Tembenuzani botilo."

Palibe akanawatsutsa. Anyamata anatembenuza boti, mbuyo n'kuloza kuchilumba, ndipo linayambadi kupita koyenera. Anthu anaomba m'manja. Koma kumbuyo kwa boti n'kwafulati, ndipo n'kumene tinaunjika miyala. Madzi anayamba kulowera pamwamba ngati mmene amalowera m'ndowa yopendeketsa, boti n'kukhala pansi mwaulemu pamalo ofika m'chiuno. A Mphepo anakhalabe pampando, madzi ali m'mimba, akupotokola chogwirira chimene chinali chitamira kale. Ine, amene sindinalowepo m'madzi opitirira akakolo, ndinapezeka ndili m'damu nditasenza batire langa. Amati ndinatukwana mpaka akatekisiti anatseka makutu, koma ine sindikukumbukira. Madzulo ake Sankhani anati tikanangozunguza injiniyo pachomangira chake, boti likanayenda chamtsogolo. Nzeru za Sankhani zimafika nthawi zonse anthu atabalalika.

Tsopano injini inali itamwa madzi. Ife anthu a fodya timadziwa mankhwala amodzi a chinthu chonyowa, ndiwo chigafa. A Mphepo anadikira mpaka fodya atayamba kuthyoledwa, n'kukaipachika m'chigafa cha a Moffat pakati pa masamba, atamangirira ndi luzi pa mikangala iwiri, mitengo ija timapachikapo fodya. M'mawa uliwonse ankalowa kukaifinya ndi zala ngati mmene timayesera msana wa tsamba.

"Yafika?" a Moffat ankafunsa.

"Ikadali ndi chinyezi chakumunsi. Musaifulumize, ingatsike giredi."

Itauma ndithu, anachita chimene mlimi aliyense wa fodya amachita. Tsamba louma kwambiri limafumbutuka pogwira, ndiye timaliyala pamame kuti lifewe tisanasankhe. A Mphepo anayala mphasa panja, n'kugoneka injini pamame kuti ifewe asanaitsegule. Ndinawauza kuti chitsulo si tsamba. Anandifunsa kuti ndakhala ndi injini zingati pamoyo wanga.

Pa Misa yodalitsa zokolola anthu anabweretsa chimanga, mtedza ndi maungu kutsogolo. Pakati pa madengu panagona injini. Abambo anayenda akuwaza madzi odalitsa, ndipo atafika pamenepo a Mphepo analumpha n'kuiphimba ndi jekete.

"Abambo, madzi ayi. Ndi amene anaipha. Ingoinenerani mawu."

Abambo, munthu wamanyazi, anainenera mawu. Kwaya inalephera kuyamba nyimbo yotsatira.

Sankhani atatsegula chibulumwa chija, munatuluka madzi ofiira a dzimbiri. Kuseri kwa kafani kunali kutakulungika ulusi wa mbedza ndi zidutswa za neti ya udzudzu, zija anthu amaphera matemba m'damu. Ulusiwo unali utadula kamphira kotsekera madzi kalekale, kutanthauza kuti injini inkamwa madzi boti lisanamire n'komwe. Timakala tiwiri timene timapereka moto kwa chozungulira cha mkati tinali titatha, kutsala ngati njere za mawere. Sankhani anapukusa mutu. Anati zimenezo sizipezeka pa Kasungu, ndipo wamalonda wa ku Lilongwe amene anamutumizira chithunzi anayankha pofunsa ngati chinali chopopera mankhwala.

A Mphepo sanamve zimenezo. Anatolera mabatire akutha a tochi m'maenje a zinyalala a mudzi wonse, n'kumawaswa kuti achotse kamtengo kamakala ka pakati. Ankapana kamtengoko ndi zala za kuphazi n'kumakapala pamwala ndi dzanja lawo limodzi lija. Tambiri tinathyoka. Nkhope yawo inkada bii, ndipo ndikawapatsa chakudya ankadya ndi makala omwe. M'malo mwa kamphira anadula chubu cha njinga. Ndinawaseka, koma tsiku loyesa batire ndinabweretsa asanandipemphe.

Inazungulira. Ndikunena zoona, inazungulira mwamphamvu mpaka madzi a mumgolo anatinyowetsa tonse, nkhuku n'kuthawa. A Mphepo anaseka ngati mwana, ndipo ndinaona kuti mano akutsogolo analibe, chinthu chimene sindinkadziwa pa zaka zonse zimene tinayandikana. Kenako kunamveka fungo la tsitsi lopserera. Kautsi kanatuluka pachogwirira, kafani kanayenda pang'onopang'ono, n'kuima. Sankhani ananunkhiza chibulumwa n'kupukuta manja pa buluku.

"Bambo, mawaya a mkati apsa. Iyi yafa."

"Yakomoka."

"Yafa, bambo. Ndikanakunamizani, koma ndinu wamkulu."

"Iwe unabadwa liti kuti uzilengeza maliro?"

Anainyamula paphewa n'kumapita. Sankhani sanalandire kanthu tsiku limenelo, ndipo sanafunse.

Apa mpamene ine ndinapsa mtima ndi amuna a mudzi muno. Ndinaima pa msonkhano wa mphakati wathu wa tchalitchi n'kuwafunsa ngati manja awo onse anagwidwa sitiroko. Manyazi anawagwira. Amuna anayi, a Moffat ali patsogolo, anavomera kupalasa. Koma ife a kuchigwa kuno madzi timawadziwa a m'chitsime basi. Anagwira nkhafi ngati makasu, aliyense n'kumakumba madzi kukokera kumapazi kwake ngati akuunda mzere. Boti linazungulira pamalo amodzi ngati nkhuku yodwala chitopa. A Mphepo ankalangiza ali pakati, koma aliyense ankamva zake. Atafika pamene kale pankadutsa mtsinje, pamene madzi ndi akuda ndipo nsungwi sifika pansi, mphepo inawomba. A Moffat anaponya nkhafi n'kugona chafufumimba pa miyala, akutchula oyera mtima amene ngakhale abambo sawadziwa. Mphepo yomweyo ndi imene inawabwezera kugombe.

Sanayesenso. Akazi awo anayamba kunong'ona kuti kumanda salowako popanda maliro, makamaka manda a anthu osawadziwa mtundu. Panali msodzi wina woyandama pa chubu cha thirakitala, koma chubu sichinyamula miyala, ndipo iye anati pachilumbacho sangapondepo ngakhale atamupatsa ng'ombe. Mwini esiteti watsopano amakhala kutauni. Kapitawo wake analemba dandaulo lathu pachikhatho ndi bolopeni, ndipo ndikhulupirira anasamba m'manja tsiku lomwelo.

A Mphepo anapitiriza kuyenda ndi injini, koma funso lawo linafupika. Ankangoitsitsa paphewa n'kuionetsa munthu, osanena kanthu. Anthu anayamba kuwazemba, osati chifukwa chotopa nawo, koma chifukwa kuseka kunali kutavuta. Vetiva uja anakula pagombe mpaka anachita maluwa, akutchinga malo amene sankagumuka.

Dzinja lotsatira mvula inagwa yoopsa. Damu linadzaza mpaka kutayikira. M'mawa wina ndikupita kudimba ndinawapeza atakhala pa mulu wa miyala, injini ili pamiyendo. Mtanda woyera uja unali utapendekera kumadzi.

"Ndikatenge batire, bambo?" ndinafunsa. Aka kanali koyamba kuwafunsa ine.

"Lisiyeni, make Goodness. Mafoni a anthu."

Chala chawo chinkapotokola chogwirira uku ndi uku.

"Amayi akunyumba ankaopa madzi," anatero. "Kwathu ku Chilwa sanakwerepo bwato. Nditawauza za Kasungu anakondwa, akuti kumeneko n'kouma."

Ine amene pakamwa panga sipasowa mawu ndinangokhala pamwala pambali pawo mpaka dzuwa linatentha, kudimba osapitako. Mtima unandiwawa kwambiri, ndipo ukundiwawabe pamene ndikulemba izi.

Sabata isanathe gombe linagumuka. Palibe anaona. Tinangodzuka mbali imeneyo ya chilumba ili yofiira ngati bala, mtanda palibe. Lamulungu lotsatira kutchalitchi kunalowa nkhalamba yaing'ono yopendekera mbali imodzi, n'kukhala pabenchi lakumbuyo. Ena sanaizindikire msanga, poti inalibe kanthu paphewa. Palibe anafunsa kumene injini inatsala.

Sanadwale matenda oti n'kuwatchula dzina. Anangosiya kumaliza chakudya, kenako anasiya kuchiyamba. Anamwalira fodya asanapite ku okushoni. Tinaimbira foni ku Phalombe pa nambala imene inapezeka, koma woyankha anati a Mphepo amene ankawadziwa anatha kale. Eni mudzi anachita chifundo n'kupereka malo kumapeto kwa manda awo, cha kumpanda, pakati pa anthu amene a Mphepo sanali nawo pachibale. Sankhani ndi amene anakhoma bokosi, ndipo analikhoma bwino kuposa chilichonse chimene anakonzapo.

Masiku ano msewu wa ku Santhe ndi msewu wamba. Munthu umayenda mpaka kumsika popanda wokuimitsa, ndipo kumaliro anthu amakhala mwaulemu kuyambira poyamba mpaka pomaliza, mopanda woti n'kumubisira kuseka m'chitenje. Sindinkadziwa kuti mudzi ungakhale chete chonchi anthu ali momwemo. Ku damu timapitabe, poti nazale za fodya zimafuna madzi m'mawa ndi madzulo, ndipo timatunga mitu ili pansi.

Mwezi wathawu mwana wanga Goodness, amene anakwatiwa ku Wimbe, anabwera kudzandithandiza kuthirira. Ataimika keni yake pagombe anayang'ana kuchilumba, chimene tsopano chatsala chaching'ono, n'kundifunsa kuti a Enelesi anagona pati kwenikweni. Ndinatukula dzanja kuti ndiloze. Ndinaloza cha kumanzere kwa mtengo wouma, kenako ndinakayika n'kusunthira kumanja, ndipo konseko kunali madzi okhaokha. Amene ankadziwa malo enieni tinawaika kumpanda. Ndinatsitsa dzanja n'kumuuza kuti atunge, dzuwa likukwera.